Kubwezera kwa Efigénia

1. Mphasa ziwiri zopinda

Chaka cha 1953 chisanu chinafika msanga ku mapiri a Angónia. Anthu anali asanamalize kukumba kachewere pamene udzu wa m'madambo unayamba kuyera mbuu m'mawa uliwonse.

Pamwamba pa chitunda china panali kolejiyo ya atsikana. Ankaiyendetsa anali airima, amayi achizungu ovala zoyera, ndipo atsikana ochokera m'midzi yozungulira ankagonera komweko. Ankaphunzira Chipwitikizi, kuwerengera, kusoka ndi katekisimu. Okhoza bwino ankayembekeza kudzakhala aphunzitsi.

Mmodzi wa atsikanawo anali Efigénia. Anali wamfupi, wa zaka khumi ndi zisanu, wakuthwa mutu ndi pakamwa pomwe.

M'nyumba yogona, malo a Efigénia anali pafupi ndi zenera. Kumanja kwake kunali mphasa yopinda, kumanzere kwake inanso yopinda. Eni ake anali atachoka.

Chaka chapitacho, kukazizira chonchi, atatuwo ankalumikiza mphasa zawo n'kusanjikiza magombeza awo onse pamodzi. Efigénia ankagona pakati. Adelina, wamtali uja, ankamuluka tsitsi Lamulungu lililonse, ndipo ankadziwa kutsanzira mayendedwe a irima wamkulu mpaka anzake kugwa ndi phwete. Bernadete anali woimba. Tsiku lochapa ankakwirira kachewere m'phulusa la moto wotenthetsera madzi, ndipo atatuwo ankadya mobisa kuseri kwa mikungudza, akupsa zala.

Tsopano Efigénia ankagona yekha, mawondo ali pachibwano. Nthawi zina m'kalasi mukachitika choseketsa, ankatembenuka kuti atsine Bernadete, n'kupeza pa benchi pali mtsikana wina amene sankadziwa chilichonse. Tsitsi lake linamasuka, ndipo anakana kuti wina aliyense aligwire.

Chimene chinkamupweteka koposa chinali tsiku lochapa. Gombeza lonyowa safinya munthu mmodzi. Atsikana onse ankaima awiriawiri m'mbali mwa mtsinje, wina mbali iyi wina mbali iyo, akupotokola ndi kuseka. Efigénia ankakoleka lake pa nthambi n'kumalimbana nalo yekha.

Akamatero, maso ake ankakhala pa mtsikana mmodzi. Dzina lake anali Glória.

2. Tsiku la chimtali

Glória anali kapitawo wa nyumba yogona. Anali wamkulupo kuposa anzake, wofatsa, wa kumudzi wina wa kufupi ndi malire. Airima ankamukhulupirira chifukwa sankanama.

Nkhani inayamba Lamulungu lina mvula itangosiya. Masana, misa itatha, ng'oma za chimtali zinamveka kuchokera kumudzi wa kutsidya. Lamulo la kolejiyo linali lakuti mtsikana asapezeke pa gule aliyense. Koma Bernadete anayamba kugwedeza mapewa, Adelina anaseka, ndipo Efigénia ndiye anati, "Tiyeni. Tibwerako chitsulo cha kolona chisanalire."

Anadutsa pa mpanda, anavina nyimbo zingapo, anabwerako fumbi lili m'miyendo. Pa nthawiyo n'kuti irima wamkulu atazungulira kale n'kupeza atsikana ena palibe. Anaitana Glória pamaso pa onse, anam'gwiritsa mtanda, n'kumufunsa kuti atchule amene anatuluka.

Glória anagwada, analira, ndipo anatchula mayina atatu.

Mawa lake mbalamatodya inalira. Ndi thabwa lozungulira la mabowo, lomenyera m'manja. Atatuwo anatupa zikhatho moti analephera kugwira khasu sabata yonse. Koma chilango chachikulu chinali chisanabwere.

"Atatu inu simudzakhalanso pamodzi," anatero irima wamkulu. "Mukakhala pamodzi mumaonongana."

Bernadete anam'kweza pa kaminyawu, galimoto ya katundu ya Mmwenye yopita kuchigwa cha Tete, ku sikola ina ya airima, kotentha, kumene sankadziwako munthu. Anachoka akulira, atakhala pamwamba pa matumba a nyemba.

Adelina anatengedwa ndi bambo ake, a Abílio. Atamva nkhaniyo anabwera n'kutembenuza manja a mwana wawo. Pasanapite nthawi banja lonse linaoloka malire kupita cha ku Dedza, kwa Angelezi, osatsazika kwa mfumu kapena ku posito, ku ofesi ya boma. Kunamveka kuti Adelina walowa sikola ya kumeneko.

Efigénia anatsala chifukwa ndiye ankatsogola m'kalasi, ndipo airima anati am'wongola.

Glória anayesa kupepesa. "Anandigwiritsa mtanda, mnzanga. Ndikananama bwanji?"

"Mnzako ndani?" anayankha Efigénia. Analavula pansi n'kuchoka.

Kuyambira tsiku limenelo sanam'patsenso moni. Tsiku lina anathyola chitedze kutchire n'kuchikunkhumulira m'gombeza la Glória. Glória anadzikanda mpaka kutuluka magazi, koma sanakanene kwa airima. Zimenezi zinangomukwiyitsa Efigénia koposa.

"Chitedze chimatha ndi madzi," anauza mtsikana wina amene anamufunsa ngati mtima wake watsika. "Anzanga abwerera ndi madzi? Ndikufuna nayenso adziwe mmene zimakhalira kudzuka m'mawa n'kupeza munthu wako palibe."

3. Mawu a amalume Justino

Amalume ake a Efigénia, a Justino, anali ndi ngolo ya ng'ombe. Nthawi yokolola ankabweretsa kachewere ku kolejiyo. Anali munthu wa msana wopindika, ngakhale sanali okalamba kwenikweni.

Atatsitsa matumba tsiku limenelo, anaitana mwana wa mlongo wawo kuti akhale nawo pa mthiko wa ngolo. Anam'yang'ana nthawi yaitali.

"Nangozo," anatero, pomutchula ndi mfunda wake, "waonda. Ndipo ndamva za chitedze. Amayi ophika andiuza."

Efigénia anawerama. "Anandilanda anzanga, amalume."

"Tamvera, mwanawe. Kusowa anzako si tchimo. Ine ndikakuona ukufinya gombeza wekha ndimamva chisoni. Koma amene anakumenya m'manja si Glória. Amene anakweza Bernadete pa kaminyawu si Glória. Mwana uja ali pansi pa dzanja lomwelo limene uli iwe. Anam'panikiza pamaso pa anthu, anachita mantha, anayankhula. Ndipo usaiwale kuti amene anati tiyeni ku chimtali ndiwe. Ine sindikukuweruza, nanenso ndinavinapo ngoma ndili mnyamata. Koma ukamagawa mlanduwu, usam'senzetse wonse munthu mmodzi."

Ng'ombe imodzi inapukusa mutu. A Justino anaikhudza ndi kamtengo n'kupitiriza.

"Msana wangawu ukuuona? Sindinabadwe nawo chonchi. Ndinauthyolera ku chibalo. Iwe unali wakhanda. Asipayo, apolisi a ku posito aja, anabwera ndi chingwe, anatimanga m'chiuno ngati mbuzi zopita kumsika, anatitsitsira kuchigwa kukaswa miyala ya msewu. Kumeneko sumafunsa kuti ndibwerera liti. Ukadwala, chikoti. Ukakhala pansi, chikoti. Ena amene tinapita nawo tinawakwirira m'mbali mwa msewu womwewo, opanda maliro. Pobwera ndinapeza munda uli thengo, mwana wanga woyamba atamwalira."

"Anakutengani chifukwa chiyani?"

"Munthu wina tinakangana pa nkhani ya malire a dimba. Anapita kukatchula dzina langa kwa sipayo. Munthuyo alipo mpaka lero, ndimakumana naye kumsika wa ku Ulongwe. Nditabwera, anzanga anandiuza kuti timuotchere nkhokwe. Ndinagona nazo, ndinadzuka nazo. Kenako ndinaona kuti ndikaotcha nkhokwe ija, ogona ndi njala ndi ana ake, amene sanandilakwire. Ndipo msana wanga sukanawongoka. Ndinazisiya. Sindikunena kuti ndimam'konda, ayi. Koma ndimagona tulo."

Efigénia anakweza mutu. "Kungotchula dzina basi, amalume? Munthu n'kutengedwa?"

"Kungotchula basi. Iwo safufuza. Amafuna manja ogwira ntchito." A Justino anapumira m'mwamba. "Tsono iwe, limbikira sikola. Ukadzakhala mphunzitsi udzakwera kaminyawu wekha, udzam'peza Bernadete. Ku Dedza n'pafupi, anthu amapita ndi miyendo. Anzako ali moyo, Nangozo. Munthu wamoyo mumaonana. Koma ukalola mkwiyowu kukutsogolera, udzachita chinthu chimene sudzatha kuchikonza, ndipo ine sindidzakhala ndi mawu okuthandiza nawo. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

A Justino anakwapula ng'ombe, ngolo inatsika chitunda. Efigénia anaima pa chipata mpaka inabisika. Pa mawu onse aja, iye anatolapo atatu okha: kungotchula dzina basi.

4. Mbali ina ya gombeza

Tsiku lochapa litafika, Efigénia anachita chimene chinadabwitsa atsikana onse. Anapita pamene panali Glória, anagwira mbali ina ya gombeza lake n'kuyamba kupotokola.

Glória anaima kukamwa kuli yasa.

"Finya, madzi akundizizira," anatero Efigénia. "Amalume andilangiza. Zakale zithe."

Glória anagwetsa misozi pomwepo. "Ndakhala ndikupempherera tsiku limeneli. Sindinagonepo bwino chichokereni anzako aja."

Kuyambira pamenepo ankayendera limodzi. Ankakhala benchi imodzi m'gereja. Efigénia ankam'thandiza Glória mawu ovuta a Chipwitikizi, ndipo anam'lola kuti amuluke tsitsi. Irima wamkulu anawayamikira pamaso pa kalasi yonse, nati atsikana ena atengerepo chitsanzo.

Efigénia ankafunsa mafunso pang'onopang'ono. Kwanu muli angati? Amayi ali bwanji? Nanga amalima ndani, poti bambo anamwalira?

Masana ena akupalira m'dimba la airima, Glória anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Ndikuuze chinthu, koma chithere pompano. Alongo anga a Victorino sali ku Joni monga timauzira anthu. Anawalemba chibalo chaka chatha, anathawa pa njira, anaolokera kwa Angelezi. Amabwera mobisa nthawi ndi nthawi kudzathandiza amayi. Popanda iwo bwenzi amayi atafa ndi njala, ndipo ine bwenzi nditasiya sikola."

"Amabwera liti?" anafunsa Efigénia, maso ali pa khasu.

"Loweruka likubwerali afika m'mamawa, kudzapuntha tirigu. Abwerera Lamulungu." Glória anamwetulira. "Ndapempha kwa irima kuti ndikaone amayi, ndipo ndapempha kuti upite nane. Alola. Usakane, Efigénia. Ndikufuna ukafike kwathu."

"Ndipita," anatero Efigénia.

Anapitiriza kupalira. Khasu lake linadula mbande ziwiri za kabichi, koma sanaone.

5. Chisoti chofiira

Lachinayi lililonse ku kolejiyo kunkabwera sipayo wina dzina lake a Bartolomeu. Ankadzatenga mazira ndi ndiwo zamasamba za mzungu wa ku posito. Ankavala kabudula wa kaki ndi chisoti chofiira, ndipo chikoti chinkalendewera pa njinga yawo. Atsikana akawaona ankalowa m'nyumba.

Lachinayi limenelo Efigénia anadzipereka kunyamula dengu kukafika nalo ku chipata. Atafika anagwada, anapereka dengu, koma sanadzuke.

"Nanga ukudikira chiyani?" anafunsa a Bartolomeu akumanga dengu pa njinga.

"Ndili ndi mawu, abambo."

"Yankhula."

"Kuli munthu anathawa chibalo chaka chatha. Dzina lake Victorino. Loweruka adzakhala kwa amayi ake, akupuntha tirigu." Anatchula mudzi, anatchula ndi nyumba yake, ya pafupi ndi mtengo wa mkuyu, monga anamufotokozera Glória.

A Bartolomeu anasiya kumanga. Anam'yang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Anakulakwira chiyani mnyamatayo? Anakunyenga?"

"Sindinamuonepo."

"Sunamuonepo." Sipayoyo anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunatha msanga. "Mwana iwe, ine ntchito imeneyi ndakalamba nayo. Obwera kudzanong'oneza ndawaona ambiri: wina alanda mkazi, wina alanda munda, wina ndi nsanje chabe. Koma mwana wa sikola, wovala kolona m'khosi, ndiwe woyamba. Tamvera. Pano tili awiri. Ukanena kuti umaseka, ine ndikwera njinga, ndiiwala. Koma ndikafika nazo kwa mzungu, nkhaniyi si yakonso, si yanganso. Ngakhale udzabwere ukukwawa, palibe adzakumvere. Ndiye ndikufunsanso. Umaseka?"

Mphepo inawomba m'mikungudza. Kuchokera m'kalasi yosokera kunkamveka atsikana akuimba nyimbo imene Bernadete ankaitsogolera kale. Woitsogolera tsopano ankaiphonya.

"Sindikuseka, abambo," anatero Efigénia. "Loweruka. Nyumba ya pa mkuyu."

"Ukufuna ndikupatse chiyani?"

"Palibe."

A Bartolomeu anapukusa mutu, anakwera njinga, anapita.

Madzulo ake Efigénia anadya chakudya chake chonse, koyamba chichokereni anzake. Glória anakondwa kumuona akudya, ndipo anam'gawirako nyemba zake.

6. Ulendo wa Loweruka

Ananyamuka dzuwa litangotuluka, nkhungu idakali m'zigwa. Glória anasenza kamtolo ka zovala zimene anasokera amayi ake. Ankayenda mofulumira, akuyankhula zambirimbiri, akuloza minda ya anthu ndi kutchula eni ake. Efigénia ankangoyankha kuti eya, eya.

Anaoloka mitsinje iwiri, anadutsa minda ya tirigu wofiirira. Dzuwa litakwera anafika pansi pa chitunda chomaliza. Kuseri kwake kunali mudzi wa kwawo kwa Glória.

Glória anatula kamtolo kake n'kugwira Efigénia mkono. Nkhope yake inali yowala.

"Ndimafuna ukangoona wekha, koma ndalephera kupirira. Ukudziwa chifukwa chake ndinakukakamiza kubwera?"

"Kudzaona amayi ako."

"Si zokhazo. Chichokereni anzako aja ndakhala ndikufuna njira yokonzera chimene ndinaononga. Za Bernadete ndalephera, kuchigwa n'kutali. Koma amayi atabwera kudzandiona mwezi watha, ndinawatuma kuti akauze a Victorino afufuze kumene akukhala a Abílio. Anawapeza! Sakhala motalikirana. A Abílio ankakana, ankati kuno n'koopsa kwa munthu amene anachoka osatsazika. Koma Adelina analira masiku ambiri, mpaka bambo ake analola kumuperekeza. Abwera ndi a Victorino m'mawa uno. Adelina ali kuseri kwa chitunda ichi, Efigénia. Akukudikira."

Efigénia anaima ngati chitsa.

"Wati a Abílio abwera?"

"Eya, ndi Adelina. Bwanji, sukukondwa?"

Efigénia anasolola mkono wake m'dzanja la Glória. Anataya nsalu imene anafunda n'kuyamba kuthamanga. Anakwera chitunda akupunthwa pa miyala, chala chikutuluka magazi, Glória akumuitana m'mbuyo. Ankati akafika akuwe kuti thawani, thawani nonse, musafunse.

Atafika pamwamba anamva kulira kwa amayi.

7. Pa mkuyu

Pa bwalo la nyumba ya pa mkuyu panali njinga zitatu zotsamira khoma. Tirigu anali mbwee pansi, nkhuku zikumudya popanda woziingitsa. Anthu a m'mudzi anaima patali, amuna ochepa, ambiri amayi ndi ana.

Pakati pa bwalo panali amuna awiri omangidwa chingwe chimodzi m'chiuno. Wakutsogolo anali mnyamata wa mapewa aakulu, mlomo wake utang'ambika. Nkhope yake inali ya Glória yeniyeni. Wam'mbuyo anali a Abílio. Chipewa chawo chinali pansi, ndipo imvi zawo zinali ndi mankhusu a tirigu.

Amayi ake a Glória anagwira mwendo wa sipayo wina. "Tengani ine! Tengani mbuzi zonse! Mwanayu ndi yekhayo wondilimira!" Sipayoyo anawakankha ndi bondo, anagwa chagada.

A Abílio ankayankhula mofatsa. "Abambo, ine ndangoperekeza mwana. Ndibwerera lero lomwe. Kunyumba ndasiya mkazi wodwala."

"Mukanene zimenezo ku posito," anayankha a Bartolomeu. "Tinadzera mmodzi, tapeza awiri. Inunso dzina lanu likufunidwa."

Potembenuka, a Bartolomeu anamuona Efigénia ataima m'mphepete mwa bwalo, akupuma mwabefu. Anam'yang'ana kanthawi. Anakoka chingwe, ndipo amuna awiriwo anayamba kuyenda.

Glória anafika nthawi yomweyo. Anakuwa dzina la mlongo wake n'kuthamangira chingwecho, koma chikoti chinalira patsogolo pake, anabwerera. Victorino anatembenuka kamodzi.

"Usasiye sikola, Glória," anatero. "Uwasamale amayi."

Anatsika njira ya kumadzulo, asipayo akukankha njinga pambali pawo, mpaka anabisika m'minda.

Pamenepo mtsikana wamtali anatuluka m'gulu la amayi. Anavala diresi la buluu la sikola ya kwa Angelezi, lodetsedwa ndi fumbi pamene anagwa pokanirira bambo ake. Anali Adelina.

"Efigénia!"

Anathamanga n'kumukumbatira mwamphamvu. Efigénia anali atalota tsiku limeneli kambirimbiri. Tsopano manja ake analendewera m'mbali, osatha kukwera.

"Ndinawakakamiza ndine," analira Adelina. "Ankakana, Efigénia. Ndinawauza kuti ndikapanda kukuona ndifa. Ndikawauza chiyani amayi? Ndibwerera ndi yani? Bambo anga ali ndi chifuwa, ku miyala kuja sakakhalitsa."

Amayi ena anabweretsa madzi m'chikho. Ena anadzutsa amayi ake a Glória n'kuwakhazika pakhonde. Bambo wina wokalamba, wa ndodo, anafika pafupi ndi atsikanawo.

"Ana inu, izi sizinangochitika," anatero. "Mnyamata uja wakhala akubwera chaka chonse, m'mudzi muno palibe anatsegula pakamwa. Lero asipayo sanafunse njira kwa munthu. Analunjika pa mkuyu pano ngati kwawo. Ine ndinam'funsa wa chisoti chofiira uja kuti watigulitsa ndani. Anandiyankha kuti m'mudzi mwanu musakayikirane, mawu achokera ku kolejiyo."

Anthu onse anatembenukira kwa atsikana a ku kolejiyo aja.

Adelina anapukuta misozi. Anagwira dzanja la Efigénia n'kutembenukira kwa Glória. Maso ake anali ofiira.

"Ku kolejiyo? Ndiye ndi iwe! Unatigulitsa ulendo woyamba, sunakhute? Unatiitana kuti bambo anga adzagwidwe? Airima akulonjeza chiyani ulendo uno?"

"Adelina, amene wamangidwa kutsogolo ndi mlongo wanga," anatero Glória ndi mawu osasa.

"Ndiye anena ndani? Mitengo? Ndikulumbira pamaso pa anthu onsewa, amene wachita izi sindidzam'siya. Ngakhale ndikalambe, ndidzam'peza. Efigénia, undithandiza. Sutero?"

Efigénia anayang'ana kwa Glória.

Glória anali atasiya kulira. Anayang'ana chala cha Efigénia chotuluka magazi. Anayang'ana njira ya pachitunda imene Efigénia anathamangamo asanamve kulira kulikonse, asanaone njinga iliyonse. Kenako anakweza maso pang'onopang'ono mpaka anakumana ndi a Efigénia.

"Kwa airima sindinanene," anatero Glória. "Ngakhale kwa apadiri polapa sindinanene. Ku kolejiyo konse kuja ndinauza munthu mmodzi yekha."

Amayi a pakhonde anaimirira. Bambo wa ndodo anasendera pafupi.

"Ndani?" anafunsa Adelina, akufinya dzanja la Efigénia. "Mutchule, Glória. Ndani?"